Ndikukuuza Njira Ndili pa Mwala

Usadule, Dolifa.
Ndakwera ola lathunthu kudzaima pa mwala uno,
malo okhawo m'chigwa chonse
pomwe foni imagwira mawu,
ndipo batire latsala kadontho.

Wati ndikutumizire malo pa mapu?
Mapu sanafike kuno, mwana wa achimwene.
Anabwerera pa mlatho wa matabwa
tsiku lomwe inabwerera lole ya feteleza.

Udzatsike basi pa mphambano ya ku Tsangano.
Anyamata a njinga zamoto adzakuunjirira,
iwe udzafunse Zakeyu wa chipewa chaubweya,
yekhayo sazimitsa injini potsetsereka.
Fumbi la Malawi lidzakulowa diso lamanzere,
la Mozambiki diso lamanja.
Usadzafunse kuti malire ali pati:
nkhuku za kuno zimadya uku
n'kukaikira uko.

Akadzakutsitsa pa mtengo wa pichesi wopserera,
yamba wapansi.

Kutsogolo kwako kudzaima mapiri atatu.
Ukaona anayi, lachinayilo ndi mtambo, usalikhulupirire.
Lalitalilo timalitcha Dzinolimodzi,
wakuba dzuwa:
kwa Gobede kumacha
ana a kwa Zidana atalowa kale m'kalasi.
Lapakati ndi Mkaziwagona,
ukaliyang'anitsitsa uona bondo, chigongono,
ndi mbira zikuwothera dzuwa pa chiuno chake.
Lachitatu linali ndi maina awiri,
midzi iwiri inakangana mpaka kulekana dambo,
ndiye masiku ano timangoloza ndi mlomo,
timangoti kuja.

Kwa Zidana ndi nyumba khumi ndi zinayi
ndi chigayo cholira Lachiwiri lokha.
Kwa Kabango amalima kachewere
pamalo poti mbuzi imaima chopendekeka,
mizere yawo ngati mphini pa tsaya la phiri.
Akakuponyera mbatatesi yootcha, wakha,
ndiwo moni wawo,
pakamwa pamakhala pataundana.

Mtsinje udzauwoloka kasanu.
Ndi womwewo, usadzaganize kuti wasochera.
Madzi ake amaluma akakolo ngakhale mu Okutobala.
Pa dooko lachitatu mpamene bambo ako
anakokoletsa nsapato yawo yoyamba, ya kumanzere,
inayo anayenda nayo chaka chonse
kuti anthu adziwe kuti anali nazo.

Nkhungu ikatsika, khala pansi pomwepo.
Inasocheretsa mlangizi wa zaumoyo ndi bokosi lake la katemera,
tinakamupeza m'mawa
akuodira pa khola la ng'ombe kutsidya kwa malire.

Bambo ako ankati chigwa chino ndi thumba
lomwe mwini wake anamanga n'kuiwala.
Anachoka osacheuka, zaka makumi atatu,
kalata ziwiri, wailesi imodzi.
Koma usiku uja ali m'chipatala ku Blantyre
ndinaima pa mwala womwewuno, mphepo ikundibaya m'nthiti,
ndipo sanafunse za munda, sanafunse za ine,
anangofunsa ngati chisanu chimayerabe
pamwamba pa Dzinolimodzi mu Juni.
Ndinati chimayera.
Anati, ayi basi.

Tinawagoneka poti phirilo limaoneka lonse.

Simenti ya chiliza usavutike nayo,
tinagula matumba awiri,
tinawagawa m'mabigiri n'kukweza pamutu, anthu asanu ndi mmodzi.
Iwe ubwere ndi juzi ziwiri
ndi nsapato zosaopa matope ofiira.
Ukafika usadzatchule dzina langa la pa chiphaso,
kuno salidziwa,
udzangoti kwa Nangondo wa nsawawa,
nyumba yomaliza, kuseri kwake kulibenso munthu,
kuli tsekera ndi thanthwe basi.

Dolifa?
Halo?

Yazima.
Sindinamuuze za galu wa kwa Kabango,
ndi kuti pa dooko lachisanu mwala wapakati umagwedera.

Ndiimabe pang'ono.
Pansipo utsi wa kwa Gobede wagona chammbali,
mthunzi wa Dzinolimodzi wafika kale pa sukulu,
ndipo njira yomwe adzadzere
ikuoneka kuchokera pano, yonse,
kachingwe kofiira kotayika m'maudzu.